Mchere wa Abiti Sumaili

Ndinafika ndi jumbo imodzi,
bulangete la mng'ono wanga, ndi kapu yoduka chogwirira.
Sindinabwere kudzadziwana ndi anthu ine.
Ndinabwera kudzatembenuza Gelesomu pabedi nambala sikisi,
kudzamuwerengera mapilitsi,
kudzatchera khutu adokotala akamadutsa m'mawa ndi liwiro lawo lija.

Ku gadiyani, kuseri kwa chipatala cha Nkhotakota,
kunali amayi okhaokha.
Ine wodula nzimbe wa ku Dwangwa,
wozolowera chikwanje osati chipande,
ndinadzipatula kumbuyo kwa thanki
n'kukoleza moto wangawanga,
moto wa makatoni, utsi tolotolo, lawi osaoneka.

Tsiku lachitatu phala linapserera.
Mayi wina wa mpango wobiriwira anaima pambali panga.
Sanaseke, moni sanapereke,
anangoti, "Wodwala wanu sangameze zimenezo. Sunthani."
Anali Abiti Sumaili a ku Sani,
mwezi wachiwiri akusamala mwana wa mlamu wawo,
mwana amene ali bwino sankawalonjera n'komwe.

Palibe anandiuza malamulo a pamalopo.
Ndinangoona kuti mchere ulibe mwini,
kuti wopita kumsika amanyamula makobidi a anthu asanu
n'kubwera ndi chenji chosasokonekera.
Ukagwidwa ndi tulo, wina amakumvera dzina kuwodi.
Sopo ankadulidwa ndi ulusi
mpaka kutsala ngati chikhadabo.
Tinkakangananso, musaganize kuti ayi:
Nagama ndi Abiti anatha masiku awiri osalankhulana
chifukwa cha beseni lobooka,
komabe makala ankapalirana.

Usiku wina magetsi atazima
kunamveka mfuu kuchokera kuwodi ya abambo.
Mtima wanga unathamanga kundisiya m'mbuyo.
Sanali Gelesomu.
Ndinakondwa, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa,
kenako ndinaona kuti ndi mwamuna wa Nagama.

Tonse tinadzuka.
Wa mpango, wa kolona, wa yunifolomu ya mvano yosungidwa m'chikwama,
ndi ine wosapita kulikonse chaka chachinayi.
Tinatsata machira ndi kuwala kwa mafoni
mpaka pakhomo lozizira lija.
Theka la ife dzina la malemu sitinkalidziwa.
Tinkangodziwa kuti ankakonda tiyi wa shuga wambiri
ndipo ankakana mapilitsi oyera.

Ndinadzifunsa ndili chiimire m'mamemo:
anthuwa ndi andani kwa ine?
Si a mtundu wanga, si a mudzi wanga,
palibe anatiitana, palibe anatilemba m'kaundula.
Aliyense anabwera ndi mantha ake m'jumbo,
koma mantha akakhala pamphasa imodzi
amayamba kufunsana za mitengo ya tomato,
ndipo kunja kumacha.

M'mawa mwake Nagama anasiya beseni lija
pamalo ogona Abiti, osanena kanthu.

Gelesomu anatulutsidwa Lachinayi,
wowonda ngati nzimbe yotafunidwa, koma akuyenda yekha.
Nambala ya Abiti ndinailemba pachikatoni,
mvula ya pa Liwaladzi inaifafaniza.
Sindikudziwa ngati mwana uja anachira.
Nthawi zina ndikamanola chikwanje ndimawaganizira,
ndipo sindidziwa kuti ndiwatchule chiyani:
abale ayi, anzanga sizikukwana.

Koma tsiku lotuluka lija, ndisanamange jumbo,
ndinasiya nkhuni zisanu ndi paketi ya mchere pawindo
monga ankachitira ena onse.
Kumbuyo kwa thanki kunali utsi.
Mnyamata wina, nsapato zafumbi la kutali,
ankauzira makatoni, maso ali psuu.
Minibasi inkaliza hutala kumsewu,
Gelesomu akundikodola.
Ndinati adikire kaye.